Andi, Mwana wa a Elestina

Ku Nchema ukafunsa za Hamilton, anthu amayamba ayang'anana kaye ngati wafunsa za munthu wa boma lina. Koma ukangoti Andi, aliyense akulozera nyumba yake, ena n'kukuperekeza ndithu kuti akamve chimene wabwerera. Dzinali si lachizungu ayi, ngakhale mwini wake atafika ku yunivesite ankalitchula mopotokola lilime kuti atsikana aziyesa ndi la kunja. Linabadwira pakamwa pake pomwe. Chiphunzirireni kuyankhula, mnyamata ameneyu sanayambepo nkhani ya cholakwa ndi mawu akuti "nda". Zake zonse zinali andi: andichedwetsa, andinamiza, andikankha, andiiwalitsa. Anzake atatopa nazo anangodula mawuwo, mutu wake n'kumupachika kuti likhale dzina.

Mbewu imeneyi anaifesa ndi mayi ake, a Elestina. Hamilton anali mzime, komanso mwamuna yekhayo pambuyo pa atsikana, ndipo bambo ake anamwalira iye akadali kumsana. Ndiye mwanayo anali dzira. Akagwa pabwalo pophunzira kuyenda, a Elestina ankataya chilichonse chimene chinali m'manja, kumutola, n'kuyamba kumenya pansi ndi chikhatho. "Wakugwetsa ndani mwana wanga? Pansi? Tamenya! Pansi poipa!" Amayi onse amatero, sitikukana. Koma anzawo amasiya mwana akamera mano. A Elestina sanasiye. Dothi la ku Nchema linamenyedwa mpaka Hamilton atamera ndevu.

Mbuzi zikamuthawa n'kukadya chimanga cha eni ake, iye ankati, "Andipatsa chingwe chowola." Akafika kusukulu anzake atalowa kale, "Andidzutsa mochedwa." Tsiku lina anagwa m'mtengo wa mango wa eni ake, mango ali m'malaya, koma polira ankati andidzidzimutsa. A Elestina anamanga nsalu n'kupita kukakalipira mwini mango chifukwa chotsokomola pansi pa mtengo wake womwe.

Pamudzi ponsepo munthu mmodzi yekha ndiye sankagula nawo malonda amenewa: a Nabanda, mkulu wawo wa a Elestina bere limodzi, amene Hamilton ankawatchula kuti amayi aakulu. Anali mayi wamasiye, wamtali, wouma ngati mtengo wa nandolo. Mwana wawo yekhayo, Doreen, anakwatiwa ku Bangwe, choncho ankakhala okha m'kanyumba ka njerwa zootcha kumapeto kwa mudzi, pafupi ndi munda wawo wotsikira kumtsinje. Ankaphika kalongonda n'kumakagulitsa ku Njuli. Amene amadziwa nyemba zimenezi akudziwa kuti si za munthu wa phuma: uziwiritsa tsiku lathunthu uku ukutaya madzi, chifukwa ukazidya zosapsa zimazunguza mutu. Ntchito imeneyo inawaphunzitsa kupirira pa moto, koma pa zopusa ayi. Pakamwa pawo panalibe chitseko.

Hamilton ankadya kwawo kuposa kwa mayi ake. Ankamukonda, ndipo n'chifukwa chake sankamusekerera. Akangoyamba kuti "andi", iwo ankamudula.

"Andi-andi chiyani? A ndani? Tatchula dzina timve."

Mnyamatayo ankangoseka, n'kutolanso kalongonda wina m'mbale.

Tisamunamizire, mutu anali nawo. Chimene anzake ankachimva kachitatu iye ankachigwira kamodzi. Ku sekondale kunali belu, kunali aphunzitsi oyenda ndi ndodo, kunali achemwali ake omudzutsa ndi kumuchapira, ndiye nzeru zija zinkangokankhidwa ngati wilibala mpaka zinafika. Mayeso a fomu folo anakhoza bwino kwambiri, dzina lake n'kutuluka pa osankhidwa kupita ku yunivesite ina mu mzinda wa Blantyre. A Elestina anavina mpaka mpango unagwa. Amalume ake, a Goliati, mwini mbumba, anayenda mudzi wonse akudziguguda pachifuwa ngati mayesowo analemba ndi iwo.

Tsiku lotsanzikana kunali thobwa ndi mapemphero. Aliyense anaponyapo mawu okoma, akuti ukatiyimirire, akuti ukadzakhala bwana usadzatiiwale. A Nabanda anabwera ndi kathumba ka ufa ndi kalongonda wophikaphika womanga m'pepala la pulasitiki. Anamupatsa, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Upite bwino, mwanawe. Koma kumeneko kulibe amako omenya pansi. Ukakagona mmene umagoneramu, udzabwera kuno ndi chikwama chokhacho."

Anthu anaseka, Hamilton naye anaseka. A Elestina okha ndi amene sanaseke. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Ku yunivesite Hamilton anapeza chinthu chimene sanachilotepo: kulibe belu. Kulibe woyenda ndi ndodo. Ukagona, palibe akugogoda. Ukajomba, palibe akufunsa. Kwa munthu wodziwa chimene wabwerera, ufulu umenewu ndi katundu wolemera. Kwa Hamilton unali mphasa. Ankadzuka dzuwa litafika paliwombo, foni ili kale m'manja, n'kuyamba kufufuza kuti usiku wapitawo matimu a ku Ulaya atha bwanji. Madzulo ankapezeka pa tebulo la pulu kuseri kwa mashopu, ndodo m'manja, akuphunzitsa anthu ndale za dziko ndi mmene boma likulakwira achinyamata. Pa nkhani ya zolakwa za ena, digiri anali nayo kale.

M'kalasi mwake munali Lilian, mtsikana wa ku Njuli amene anaphunzira naye sekondale imodzi. Sanali wanzeru kuposa Hamilton, ndipo Lilian mwini ankavomera. Poyamba ankamuimbira foni m'mawa kuti, "Hamilton, tiye ku laibulale." Iye ankayankha ali m'bulangete kuti nzeru zobadwa nazo sizifuna kufukizidwa fumbi la mabuku ngati njenjete. Pa ntchito za pagulu anzake ankangomulembera dzina pomumvera chisoni, mpaka chisonicho chinatha. Lilian naye anasiya kuimba. Hamilton anauza anzake a pa pulu kuti, "Anditaya, ayamba kudzimva."

Akuluakulu a sukuluyo ankaitanitsa ophunzira m'holo nthawi ndi nthawi kudzawalimbikitsa. Mayi wina wa mu ofesi yoona za ophunzira anawauza mosapsatira kuti kuno palibe adzakuwerengereni, palibe adzakudzutseni, aliyense adzinyamule yekha. Ena analemba mawuwo pamtima. Hamilton anali kumbuyo kwenikweni, chomvera nyimbo chili m'khutu limodzi, ndipo potuluka anati, "Atinyoza ngati ana a sitandade wani."

Chaka choyamba anadutsa chokwawa. Maphunziro ena anagwa, n'kulemba mayeso obwereza aja ophunzira amati sapu. Kunyumba anati, "Andipatsa sapu," ngati kuti ndi mphatso imene munthu amangoipeza pakhomo. Mphunzitsi wa masamu anali woti amandida. Wina anali woti amandisala chifukwa ndine Mlomwe, chonsecho mphunzitsiyo kwawo kunali ku Mulanje ndipo Chilomwe ankachiyankhula kuposa Hamilton, amene ankangodziwa moni wokha. Magetsi akazima, andizimitsira magetsi. Akayaka, andisokoneza ndi phokoso. Chaka chachiwiri ngakhale sapu sinakwanenso kumutola. Anagwa maphunziro ochuluka moti sukulu inamuuza kuti alongedze.

Anatsika minibasi pa Njuli nyengo ya nandolo, atanyamula chikwama chimodzi. Kunyumba anati ndi holide. Holideyo inatalika, inakula, inayamba kumera mizu. Anthu anaona Lilian akukwera minibasi kubwerera ku Blantyre, koma Hamilton ali pakhonde, miyendo pampando, akudikira phala. Tsiku lina masana, a Elestina ndi a Nabanda akusenda nandolo pamkeka pamodzi ndi amayi ena oyandikana nawo, mayi ake analimba mtima.

"Kodi bambo, anzanu apitatu. Inu sukulu yanu atsegula liti?"

Hamilton anakanda m'mutu. "Amayi, ine andiwida."

"Ndiye kuti chiyani chimenecho?"

Kuwida ndi mawu a ophunzira, otengedwa ku Chizungu, onena za kuchotsedwa sukulu chifukwa cholephera. Koma Hamilton anasankha tanthauzo lake lakumunda, limene linkamveka bwino m'makutu. "Ndiye kuti kupalira. Andipalira."

Nkhope ya a Elestina inawala. Mlimi aliyense amadziwa kuti chopaliridwa ndi chimene mwini munda akuchifuna. "Mwamva achemwali? Akumupalira mwana wanga kuti akule bwino!"

A Nabanda sanakweze n'komwe mutu pa lichero. "Popalira pamakhala chimanga, pamakhalanso udzu. Tamufunsa kuti iyeyo anali chiti."

Amayi aja anayesa kudzigwira, koma mmodzi anaphulika, ena onse n'kutsatira. Munthu wa ku yunivesite kusekedwa ndi amayi osenda nandolo! Apa ndi pamene mwamuna akanati, "Ndalephera, ndinkagona." Mawu awiri okha, akanasekedwa sabata imodzi nkhani n'kutha. Koma lilime lake linali lisanayendepo njira imeneyo. Anafufuza m'thumba lake la andi, napeza kuti ang'onoang'ono onse anatha ntchito. Munatsala mmodzi yekha, wamkulu, amene sagwa pansi kwathu kuno.

Madzulo ake anakhala pafupi ndi mayi ake, mawu atawafewetsa ngati wodwala. "Amayi, simukudziwa zimene ndaona ine. Ndikangotsegula buku, mutu kulemera. Tulo tosadziwika bwino, usana ndi usiku. Zilembo kumangovina. Amayi, ine andilodza."

Tsono chiyankhulo chathuchi chili ndi msampha wake. Ka "a" kameneka kamagwira ntchito ziwiri. Kamabisa gulu la anthu opanda nkhope, monga tikamati akuba njinga kumsika. Komanso n'komwe timalemekezera munthu mmodzi wamkulu, monga tikamati abwera amayi. Hamilton ankanena za gulu lopanda nkhope lija, limene lakhala likumusenzera zolakwa chibadwire osadandaula. A Elestina anamva munthu mmodzi wamkulu. Kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo, anafunsa funso la mkulu wawo lija: "A ndani?" Ndipo sanadikire yankho, anali nalo kale.

Ndani ananena pagulu kuti adzabwera ndi chikwama chokhacho? Nanga sanabwere ndi chikwama chokhacho? Ndani anatchula za tulo? Ndani anamupatsa chakudya cha panjira, chakudya chake kalongonda, chozunguza mutu? Ndani anaseketsa anthu tsoka litagwa? Zonse zinalumikizana bwinobwino ngati mikanda. A Elestina anathamangira kwa a Goliati. A Goliati anamvetsera akugwedeza mutu mwachisoni, koma maso awo anali atatsetserekera kale kumunda wa kumtsinje uja, umene anakhala akuumezera malovu chimwalirire mlamu wawo.

Anamutengera Hamilton kwa mneneri wina wa ku Njuli, wa suti yonyezimira ndi chinkuzamawu chofuula ngakhale m'chipinda muli anthu atatu. Uneneri wake unali wofunsa. "Pali mayi wina pamudzi panu?" Alipo. "Wachibale?" Eya. "Wokhala yekha, wolusa pakamwa?" A Elestina anayamba kulira. Mneneriyo anatseka maso, nanjenjemera pang'ono, n'kuwabwezera zimene anamuuza okha zija zitathiridwa mafuta. Hamilton anagwada pamenepo, dzanja la mneneri lili pamutu pake, akudziwa bwino lomwe kumene tulo take tinkachokera. Anangoti amen.

Loweruka masana a Goliati anaitanitsa mbumba yonse pansi pa mtengo wa mango. A Nabanda anabwera akupukuta manja, akuyesa ndi nkhani ya maliro kapena ya feteleza. Atamva mlandu wake anaseka kwambiri, mpaka anagwira m'nthiti. Kenako anayang'ana nkhope za abale awo imodziimodzi, napeza kuti akuseka okha. Kuseka kuja kunauma.

"Elestina, iwe ndi ine tinayamwa bere limodzi. Ukunena ine?"

A Elestina anayang'ana kumbali. "Pakamwa panu pomwepo ndi pamene pakugwirani, achemwali. Zonse munanena zachitika."

"Ukaona mitambo n'kunena kuti kugwa mvula, ndiye kuti mvulayo wagwetsa ndi iwe?"

Pamenepo a Nabanda anatembenukira kwa Hamilton, amene anakhala pa njerwa, akupukuta galasi la foni ndi malaya. Mawu awo anatsika, ukali wonse unachoka.

"Hamilton, mwana wanga. Ndinakubereka kumsana kuno amako akudwala. Wadya m'mbale mwanga mpaka wamera ndevu. Zaka zonsezi ndakhala ndikukufunsa kuti a ndani, iwe osayankha. Lero lokha ndiyankhe. A amene akulodzawo ndi ine?"

Hamilton ankadziwa yankho, ndipo linali lalifupi. Koma anaona kuti akangoti ayi, funso lina likubwera pambuyo pake: nanga chinachitika n'chiyani? Anaona tebulo la pulu, bulangete, mafoni a Lilian osayankhidwa, zonse zitayalidwa pamkeka pamaso pa mayi ake ndi amalume ake. Anayeza manyazi akewo mbali imodzi, mbali inayo anaikako mayi amene anamulera. Ndikunena mosabisa, ndipo zimandinyansa ponena: manyazi ake ndi amene analemera.

"Ine sindikudziwa," anatero, maso ali pansi. "Andiuza choncho a mneneri."

A Nabanda anadzuka, nakutumula nsalu yawo, n'kumapita osanenanso kanthu. Anthu anati taonani, asowa chonena.

Nkhuyu zodya mwana zinapota akulu. Pa mjigo, amayi ankasuntha ndowa zawo a Nabanda akafika. Ku Njuli mbiri inawatsogolera, kalongonda wawo ankabwerera osagulidwa ngakhale ndi mmodzi. Miyala inayamba kugwa padenga. Tsiku lina anyamata a pamudzi, atakhuta kachasu ndi chilungamo, anazula chitseko cha nyumba yawo kuti mfiti isakhale ndi pobisala, ndipo a Goliati anachitenga kukatsekera khola la mbuzi, akuti kuopa kuti chingawonongeke. Akuluakulu a mpingo anabwera mochedwa, napemphera mwachidule, n'kuchoka chammbali. Wina anawalangiza kuti akadandaule kupolisi ku Boma. Iwo anati, "Ndikamangitse mng'ono wanga?" Anagona masiku angapo m'nyumba yotchinga ndi chiguduli, kenako anaimbira Doreen kuti akubwera.

Nthawi yonseyi Hamilton ankadya bwino. Anali wodwala wolemekezeka, wophikiridwa mazira, wosaloledwa kugwira khasu. Akamva miyala ikulira padenga kumapeto kwa mudzi, ankakweza nyimbo m'makutu.

M'mawa umene a Nabanda ankachoka, iye anali pa Njuli, pakhonde la shopu ina pamene pali tebulo la pulu. Ali chowerama kuti amenye mpira, anamva mawu kumbuyo kwake.

"Ndamva kuti anakulodza."

Anali Lilian, atabwera kudzaona makolo ake. Sanamupatse moni.

"Tandiuza, mfitiyo inkakwera minibasi kubwera ku hositelo kudzakufunditsa bulangete? Ndi imene inkakugwiritsa ndodo imeneyi? Ine ndinalipo, Hamilton. Ndikanatha kupita ku Nchema kukanena zonse, koma akati ndine mtsikana wansanje. Pakamwa uli napo wekha. Tayang'ana uko."

Analoza pa siteji. Pansi pa chikwangwani panali a Nabanda, atakhala pa mtolo wa zovala, pambali pawo pali mphika waukulu wakuda uja ankaphikira kalongonda. Hamilton anali asanawaonepo atakhala chete chonchi. Anaoneka ochepa. Mphika uja ndi umene unamupweteka, chifukwa ankaudziwa mpaka pamene unabenthuka, ndipo anali atauvundukulapo kambirimbiri mwini wake kulibe. Anaika ndodo pansi, nawoloka msewu.

"Amayi aakulu."

Anakweza maso. "A Andi. Mwabwera kudzaona ngati ndikwere lichero?"

Hamilton anagwada pafumbi pomwepo, anthu a kabaza akuonerera. "Amayi aakulu, simunandilodze. Ndinalephera ndekha. Ndinkagona. Sindinkapita m'kalasi."

Ankayembekeza kuti alira, kapena amukumbatira, kapena amutukwana kuti mtima wake upepuke. A Nabanda anangomuyang'ana ngati munthu amene wawabweretsera madzi nyumba itapsa kale.

"Ukundiuza ine? Ine ndiye ndimadziwa kalekale. Kanene pamene unakhalira chete paja."

Minibasi ya ku Limbe inaima, kondakitala anaponya mtolo kumbuyo, mphika anaulowetsa pansi pa mpando. A Nabanda anakwera osacheuka.

Hamilton anayenda wapansi mpaka ku Nchema. Kunyumba sanapeze munthu. Anawapeza kumunda wa kumtsinje, munda wa a Nabanda, mwini wake asanafike n'komwe ku Limbe. A Elestina ndi akazi a a Goliati anali kuthyola nandolo, a Goliati akuyenda m'malire, manja kumbuyo, ngati munthu woyeza nsalu imene wagula. Hamilton anaima pamzere, nakweza mawu kuti onse amve.

"Amayi! Amalume! Ndinanama. Palibe anandilodza. Ndinalephera ndekha chifukwa cha ulesi. Amayi aakulu alibe mlandu."

Manja onse anaima. A Elestina anamuyang'ana mwana wawo. Kuvomera mawu amenewo kunali kuvomera kuti alavulira mkulu wawo kumaso chifukwa cha tulo ta mnyamata. Kwa a Goliati kunali kutuluka m'munda. Anayang'anana. Kenako a Elestina anaika dengu pansi, nagwira kumutu, n'kuyamba kulira.

"Mwamva achimwene? Mayo ine! Amulodza mpaka lilime!"

"Zoona," anatero a Goliati mwachifatse. "Si iyeyu akuyankhulayu. Amuyankhulitsa."

Hamilton anabwereza, anafuula, analumbira. Mmene ankalimbikira ndi mmenenso iwo ankagwedezera mitu mwachisoni. Anamva mawu ake omwe, amene anawaweta chibadwire, akutuluka m'kamwa mwa mayi ake, ndipo kanali koyamba kumva fungo lake. Mwana amene anamuphunzitsa kuti pansi ndi pamene pamagwetsa, lero ankati ndagwa ndekha, ndipo mayi ake anali kumenyabe pansi.

Anatembenuka, napita kukhola la a Goliati. Anamasula mawaya, nachotsa chitseko chija, mbuzi n'kumwazikira m'minda. Anachisenza pamutu, chonunkha mikodzo ya mbuzi, n'kudutsa nacho pakati pa mudzi dzuwa likuswa mtengo. Anthu anatuluka m'nyumba kudzaona munthu wa ku yunivesite atasenza katundu koyamba. A Goliati anamuthamangira akupuma mwawefuwefu.

"Iwe! Wakutuma ndani?"

"Palibe. Ndadzituma."

Musamuombere m'manja. Chitseko ndi thabwa chabe, ndipo kuchikhomera pamalo pake sikunamutengere nthawi. Anaimbira foni ku Bangwe kuti anene kuti wachibwezera. Doreen anamuyankha kuti amayi akuti amva, n'kudula.

Panopa Hamilton akadali ku Nchema. Anapita yekha ku sukulu kuja kukapempha kuti adzayambirenso, ndipo akudikira yankho. Mabuku amene sanawatsegule ku Blantyre akuwatsegula tsopano, pakhonde la nyumba ya a Nabanda, chifukwa ndi pokhapo pamene palibe womuphikira mazira. Amadzuka yekha kusanatenthe, n'kukasesa pabwalo pawo, kuzula udzu m'mbali mwa khoma, kuti tsiku limene adzabwere asadzapeze bwinja. Sanabwerebe. Munda uja a Goliati agalauza kale mizere.

Amayi opita ku mjigo amaima panjira kumuyang'ana, ndowa zili pamutu, n'kumanong'onezana mokweza mmene amachitira anthu akafuna kuti umve.

"Taonani mwana wa a Elestina. Amuika m'botolo ndithu. Ali ku Bangwe konko, koma akumusesetsa pabwalo."

Iye amaweramuka, tsache lili m'manja, n'kunena kuti, "Ndikusesa ndekha."

Amayi aja amangogwedeza mitu mwachisoni, n'kumapita kukatunga madzi.